Mutu 17: Nsanamira ya Nyimbo

Chisemphere ndi dera la kumpoto kwa boma la Kasungu. Anthu ambiri a kumeneko amalima fodya, chimanga ndi mtedza. Mvula ikatha, fodya atauma m'zigafa ndi kutumizidwa kumsika, midzi imayamba kusangalala. Imeneyi ndiyo nyengo ya zinkhoswe, maukwati ndi magule. Usiku kukachita bata, munthu ali chigonere m'nyumba mwake amatha kumva nyimbo zochokera kuukwati wa m'mudzi wakutali.

Kodi munthuyo amamva chiyani kwenikweni? Mawu a woimba nyimbo samufika. Nthungululu za amayi nazonso zimathera m'njira. Chimene chimafika m'khutu mwake ndi kugunda kwa mawu aakulu, a pansi, onga mtima wa munthu amene wangotha kuthamanga: du, du-du, du. Mawu ameneŵa ndi a ng'oma yaikulu pamodzi ndi gitala yotchedwa besi. Mawu aang'ono amatsekerezedwa ndi mitengo ndi makoma a nyumba, koma mawu aakulu amalambalala zonsezi nafika kutali.

Chodabwitsa n'chakuti mwini mawu ofika kutaliwo ndiye amene anthu samudziŵa. Aliyense amadziŵa dzina la woimba amene amaima kutsogolo. Koma ndani amafunsa dzina la munthu woimba besi?

Gitala ya besi

Gitala ya masiku onse ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi. Gitala ya besi kaŵirikaŵiri imakhala ndi nsambo zinayi zokha, koma nsambozo n'zazitali ndiponso zonenepa. Nsambo yaifupi ndi yopyapyala imanjenjemera mofulumira ndipo imatulutsa mawu aang'ono. Nsambo yaitali ndi yonenepa imanjenjemera pang'onopang'ono ndipo imatulutsa mawu aakulu. Nsambo yonenepa koposa pabesi imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi.

Kale oimba a ku Ulaya ndi ku America ankagwiritsa ntchito choimbira chachikulu chathabwa, chotalika ngati munthu, chimene ankachiimika pansi. Chidali chovuta kunyamula ndipo mawu ake ankamira pakati pa zoimbira zina. M'chaka cha 1951 Bambo Leo Fender a ku America adayamba kupanga ndi kugulitsa gitala ya besi yoyendera magetsi. Gitalayi idali yopepuka, ndipo m'zaka zoŵerengeka idawanda m'maiko ambiri.

Kuno ku Malaŵi anyamata sadadikire magetsi. Iwo adadzipangira besi yawo yotchedwa babatoni. Amatenga bokosi kapena ng'oma yokutidwa ndi chikopa, nalumikizako mtengo wautali, namangapo nsambo imodzi. Gulu la Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka linkaimba nyimbo za kwela ndi besi ya nsambo imodzi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Pambuyo pake Yobu Maligwa wa gulu la Madalitso la ku Lilongwe adaimba babatoni pachikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kenaka adakafika nayo ku Ulaya.

Ntchito ya besi m'nyimbo ili paŵiri. Poyamba, imagwirizana ndi ng'oma posunga mayendedwe a nyimbo kuti ovina aponde pamodzi. Kachiŵiri, imapatsa woimba ndi magitala ena maziko oti mawu awo atsamirepo. Besi ikasokonezeka, gulu lonse limasokonezeka, ngakhale omvera sangathe kuloza pamene palakwika.

Woimba waganyu

Si woimba aliyense amene ali ndi gulu lakelake. Munthu angathe kupeka nyimbo yabwino, nakhala ndi mawu okoma, koma osadziŵa kuimba choimbira chilichonse. Munthu wotere akafuna kujambulitsa nyimbo yake amapita kunyumba yojambuliramo nyimbo, imene imatchedwa situdiyo. Kumeneko amamuitanira akatswiri a ng'oma, gitala ndi besi kuti amuthandize. Akatswiriŵa amalipidwa pa ntchito ya tsiku limenelo. Tsiku lotsatira amakathandiza woimba wina. Motero iwo ali ngati anthu aganyu amene lero asoka fodya wa uje, maŵa akadinda mabelo a wina.

Ntchito imeneyi si yapafupi. Woimba besi waganyu amaloŵa m'situdiyo m'maŵa asadamvepo nyimbo imene akaimbe. Mwini nyimbo amaiimba kamodzi kapena kaŵiri, iye ali tcheru. Kenaka amayenera kupeza mawu a besi oyenerana ndi nyimboyo mosataya nthaŵi, popeza ola lililonse la m'situdiyo limalipiridwa. M'maŵa angathe kuimba nyimbo yauzimu, masana nyimbo ya rege, madzulo ya chikhalidwe cha makolo monga manganje. Mwini nyimbo akakana zimene waimba, iye sakwiya, koma amayesanso njira ina, pakuti nyimboyo si yake.

Tsono munthu wa ntchito imeneyi ayenera kukhala ndi khutu lakuthwa, zala zozoloŵera, mtima wodzichepetsa ndiponso khalidwe losunga nthaŵi. Mayi Carol Kaye a ku America ndi chitsanzo chabwino. Iwo ankaimba gitala wamba m'masitudiyo a mumzinda wa Los Angeles. Tsiku lina mu 1963 woimba besi amene adaitanidwa sadabwere. Mayiŵa adapemphedwa kuti agwire besiyo, ndipo adaimba bwino kotero kuti kuyambira pamenepo ankaitanidwa kosalekeza. Adaimba besi m'nyimbo zikwizikwi. Wojomba uja adataya malo, ndipo dziko lidaona kuti besi si ya amuna okha.

Mnyamata wa pafamu

Kuyambira kale Amalaŵi ambiri, kuphatikizapo a ku Kasungu, ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndiponso ku South Africa. Ena adabwerera kwawo. Ena adatchona, nakwatira ndi kubereka ana komweko. Ana ameneŵa adakula akumva Chicheŵa m'makomboni a m'mafamu.

Mmodzi wa ana otere ndi Alick Macheso. Iye adabadwa mu 1968 ndipo adakulira pafamu m'dera la Shamva, kumpoto chakum'maŵa kwa mzinda wa Harare. Bambo ake adali ochokera ku Malaŵi. Moyo wa pafamu udali woŵaŵa, ndipo chifukwa cha umphaŵi Alick sadapite patali ndi sukulu. Chimene chinkamusangalatsa chidali kabanjo kachitini konga kamene anyamata a ku Chisemphere amakhoma ndi waya akamaŵeta ng'ombe. Pakabanjo kameneka ndi pamene zala zake zidaphunzirira kuyenda pansambo.

Mu 1983, ali ndi zaka 15, Alick adapita ku Harare. Kumeneko adaloŵa m'gulu la Vuka Boys la Bambo Shepherd Chinyani. Pambuyo pake adaloŵa m'gulu la Khiama Boys limene mtsogoleri wake adali Bambo Nicholas Zakaria. Nawonso Bambo Zakaria adali mwana wa Amalaŵi a m'mafamu, ndipo adaphunzitsa anyamata ambiri luso la zoimbaimba. Gululi linkaimba nyimbo zotchedwa sungura. M'Chiswahili mawu akuti sungura amatanthauza kalulu, ndipo nyimbozi n'zothamangadi ngati kalulu. Woimba besi wa sungura sapuma. Zala zake zimayenda kuyambira pachiyambi cha nyimbo mpaka pamapeto.

Alick adakhala m'gulu la Khiama Boys zaka zoposa khumi. Pa zaka zonsezi gulu silidali lake. Iye ankaimba besi pansi pa utsogoleri wa wina, m'situdiyo ndi m'malo azisangalalo, nthaŵi zina usiku wonse mpaka mbandakucha. Mnyamata wopupuluma akadathaŵa msanga kuti akayambitse gulu lake. Alick adadekha. Adaphunzira mmene nyimbo imamangidwira, mmene gulu limayendetsedwera, ndi chimene chimadzutsa anthu pamipando kuti avine. Akuluakulu adati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1997 Bambo Zakaria adayamba apumula pa zoimbaimba. Imeneyi idali nthaŵi yoopsa kwa woimba besi amene adali ndi banja loti alidyetse, pakuti woimba wa kumbuyo akasoŵa mtsogoleri amasoŵanso chakudya. Pamenepo Bambo Macheso adayambitsa gulu lawo lotchedwa Orchestra Mberikwazvo. Mu 1998 adatulutsa chimbale chawo choyamba chotchedwa Magariro. Mu 2000 adatulutsa china chotchedwa Simbaradzo, chimene chidawatchukitsa m'Zimbabwe monse. Imodzi mwa nyimbo zokondedwa m'chimbalechi ndi ya m'Chicheŵa, yotchedwa Mundikumbuke.

Atakhala mtsogoleri, Bambo Macheso sadataye besi. Adapita nayo kutsogolo, naiimba uku akuimbanso ndi pakamwa, chinthu chimene oimba ambiri chimawakanika. Anthu adawapatsa dzina lakuti Extrabasso. Luso limene adalisula mwakachetechete pa zaka zonse za kumbuyo zija ndilo lidawaimika pamaso pa anthu.

Besi ya ku Soweto

Si woimba besi aliyense amene amatsiriza ndi kukhala mtsogoleri wa gulu. Ena amatchuka ndi ntchito yomweyo yothandiza anzawo. Wotere ndi Bakithi Kumalo wa ku South Africa, amene adabadwa mu 1956 nakulira ku Soweto, m'nthaŵi ya ulamuliro wa tsankho. Iye adayamba kuimba besi akali mwana m'gulu la mbale wake, ndipo atakula ankaitanidwa m'masitudiyo a ku Johannesburg kukathandiza oimba osiyanasiyana.

Mu 1985 woimba wotchuka wa ku America, Paul Simon, adafika ku Johannesburg kudzajambula nyimbo pamodzi ndi oimba akuda. Mmodzi wa oitanidwa adali Bambo Kumalo. Winanso amene adaimba m'nyimbozo adali katswiri wa gitala, Bambo Ray Phiri, amene bambo awo adali ochokera ku Malaŵi. Chimbale chimene adajambula chidatchedwa Graceland. Chidatuluka mu 1986 ndipo mu 1987 chidalandira mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pachaka. Anthu a m'maiko ambiri amene adali asadamvepo za Soweto adachita chidwi ndi besi ya Bambo Kumalo. Kuyambira pamenepo iwo adayenda m'maiko ochuluka, nakhazikika ku America, naimbira akatswiri ena ambiri. Chikhala kuti adanyozera kuitana kwa tsiku lija, mwayi wonsewu ukadawapitirira.

Minga za ntchitoyi

Walira mvula walira matope. Ntchito ya woimba waganyu ili ndi zoŵaŵa zake. Choyamba n'chakuti ilibe malipiro a pamwezi. Mwezi wina amaitanidwa tsiku ndi tsiku, mwezi wina palibe womufuna. Iye ali ngati mlimi wa fodya amene amagwira ndalama nyengo imodzi. Akapanda kusunga, amadzavutika m'miyezi ya njala.

Chachiŵiri n'chakuti dzina lake limaiŵalika. Ku America kudali katswiri wa besi wotchedwa James Jamerson amene ankagwira ntchito kukampani yojambula nyimbo ya Motown mumzinda wa Detroit. Iye adaimba besi m'nyimbo zambiri zimene zidamveka padziko lonse m'zaka za m'ma 1960, koma kampaniyo sinkalemba mayina a oimba a kumbuyo pazikuto za mbale zake. Dzina lake lidayamba kuonekera bwino mu 1971. Adamwalira mu 1983, ndipo ulemu waukulu womuyenera adaulandira mu 2000, atagona kale m'manda zaka 17.

Chachitatu n'chakuti masiku ano masitudiyo ambiri amapanga mawu a besi ndi kompyuta pofuna kuchepetsa ndalama zolipira anthu. Komabe eni nyimbo akafuna kuimba pamaso pa anthu amafunafuna munthu weniweni wogwira besi, chifukwa makina satha kuona kuti ovina atopa kapena atenthedwa.

Pofuna kuteteza anthu aluso, dziko la Malaŵi lili ndi bungwe la COSOMA limene lidakhazikitsidwa mu 1992. Bungweli limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga nyumba za wailesi, ndi kuzipereka kwa eni luso. Woimba wanzeru amagwirizana ndi mwini nyimbo za malipiro ake ntchito isanayambe, ndipo amaonetsetsa kuti dzina lake lalembedwa. Apa ndi pamene sukulu imathandizira. Woimba wosadziŵa kuŵerenga angathe kusaina chipepala chomulanda thukuta lake.

Mlimi wa ku Chisemphere akagulitsa fodya wake kumsika wa Chinkhoma, ogula amayamikira tsamba. Palibe amene amafunsa za nsanamira za chigafa m'mene fodyayo adaumira. Koma mlimi mwini wake amadziŵa kuti nsanamira imodzi ikadyedwa ndi chiswe, chigafa chimagwa ndipo fodya yense amaonongeka. N'chifukwa chake asanayambe kuthyola fodya amayamba wayendera nsanamira zake. Nawonso oimba odziŵa ntchito, asanaloŵe m'situdiyo, amayamba afunsa kuti besi agwira ndani.

Matanthauzo a mawu

nsambo: chingwe kapena waya wa pachoimbira monga gitala, banjo kapena bangwe

chigafa: chisakasa choyanikamo fodya

kutchona: kukhalitsa kudziko la eni osabwerera kwanu

kujomba: kulephera kufika pantchito kapena kusukulu

chimbale: nyimbo zingapo zojambulidwa ndi kutulutsidwa pamodzi

kupupuluma: kuchita zinthu mofulumira osayamba waganiza

mbandakucha: nthaŵi imene kunja kwatsala pang'ono kucha

A. Yankhani mafunso aŵa m'ziganizo zomveka bwino

1. Chifukwa chiyani mawu a besi amamveka kutali kuposa mawu a woimba?
2. Kodi gitala ya besi imasiyana bwanji ndi gitala wamba?
3. Fotokozani kapangidwe ka babatoni.
4. Tchulani ntchito ziŵiri za besi m'nyimbo.
5. Kodi Mayi Carol Kaye adayamba bwanji kuimba besi?
6. Alick Macheso adali ndi zaka zingati pamene adapita ku Harare?
7. Kodi Alick adaphunzira chiyani pa zaka zimene adakhala m'gulu la Khiama Boys?
8. Ndi woimba uti wa m'chimbale cha Graceland amene bambo ake adali ochokera ku Malaŵi?
9. Tchulani zovuta zitatu za ntchito ya woimba waganyu.
10. Kodi woimba besi akufanana bwanji ndi nsanamira ya chigafa?

B. Miyambi

Perekani tanthauzo la mwambi uliwonse, ndipo munene munthu kapena chinthu cha m'nkhaniyi chimene chikugwirizana nawo.

1. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
2. Walira mvula walira matope.
3. Mutu umodzi susenza denga.
4. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

C. Mayina

Lembani ziganizo izi m'makope mwanu. Tsekani mzere umodzi kunsi kwa dzina lamwinimwini ndi mizere iŵiri kunsi kwa dzina lopanda mwinimwini.

1. Alick adakulira pafamu ku Shamva.
2. Alimi a ku Chisemphere amalima fodya.
3. Yobu adaimba babatoni ku Zanzibar.
4. Nyimbo za ku Soweto zidafika ku America.

Sinthani mayina aŵa kuti akhale ochuluka: chigafa, gitala, mlimi, chimbale, woimba, dzina, mudzi, belo.

D. Chimangirizo

Sankhani munthu mmodzi wa m'mudzi mwanu kapena wa pasukulu panu amene amagwira ntchito yofunika koma anthu samutchula kaŵirikaŵiri. Lembani ndime zitatu zofotokoza ntchito yake, zovuta zimene amakumana nazo, ndi zimene zingachitike atasiya ntchitoyo.

E. Zochita

M'magulu a anthu anayi, pezani chitini chachikulu, kamtengo koongoka ndi mawaya aŵiri, wina wonenepa wina wopyapyala. Mangani mawayawo pachitini ndi kuwakunga. Lizani waya aliyense ndi chala. Ndi uti amene akutulutsa mawu aakulu? Kenaka gwirani waya pakati ndi chala china ndi kumulizanso. Kodi mawu asintha bwanji? Mmodzi wa inu aime patali, ndipo anene waya amene akumumva bwino. Fotokozerani anzanu m'kalasi zimene mwapeza.